Aise, Corolla yako ija sinafe

Aise,

Voice note yako ija ndaimvera katatu konse, ija ukunena kuti galimotoyo ingogulitsani basi olo a zitsulo zakale atenge. Ndati ndisakuyankhe pafoni chifukwa iwe ndi ine tikayambana timangokangana mpaka bandulo kutha, bola ndilembe uwerenge bwinobwino ukaweruka. Kuno tilipo, mvula yayamba, amayi ndinawaona Lamulungu ali bwino kupatula mwendo uja. Alamu ndi ana uwapatse moni, uwauze kuti ufa tinalonjeza uja sitinaiwale.

Nde nkhani ya Corolla. Makaniko amene anabwera kwa amayi uja, amene anakuuza kuti injini yatha ikufunika kumasula yonse, ndamufunsa mwana wa pakhomo paja kuti kodi anachita chani atafika, akuti anangotsegula boneti, kugwiragwira mapaipi, kupukusa mutu, nkupempha ya thiransipoti. Olo sipanala sanatulutse. Ine zinandinyansa, ndinati ayi, galimoto yoti unaitenga wekha pa Songwe nkuyendetsa usiku wonse kuchokera ku Karonga siingafe imfa yongoyang'anidwa ndi maso. Ndinatenga ka multimeter kanga koyezera magetsi kaja ndi mphwanga amene akuphunzira zaumakanikoyu, Loweruka m'mawa tinali kumeneko.

Choyamba inakana kulira, ukapotoza kiyi imangoti tche tche tche, magetsi a pa dashibodi nkumazilala. Anthu akamva zimenezi amathamangira kunena kuti sitata yapsa, koma kawirikawiri amakhala moto wochepa basi. Batire labwino galimoto itazima limayenera kuwerenga cha m'ma 12.6 volts, lakolo linali pansi pa 11, sinanga yakhala miyezi 8 osalira. Pamitu pake panali zoyera zija ngati ufa, tinatsuka ndi madzi otentha osakaniza ndi soda wa m'thelele yemweyu, nkupala ndi sandipepa, komanso waya wa earth uja wopita kuthupi la galimoto unali wogwedera tinaumanga. Tinabwereka batire la aneba, kungopotoza kamodzi sitata inazungulira bwinobwino. Ukumbuke yako ndi otomatiki, siija yoti anyamata akankhe ilire, nde batire ndiye moyo wake, ndagula lina.

Kuzungulira inazungulira koma kulira kwake kunali kwa munthu wa chifuwa. Tinatsegula bokosi la air filter, aise ukanaona, makoswe anamangamo nyumba, zitsononkho, nsanza, mpaka makoko a mtedza wa amayi uja. Petulo wotsala mu thanki naye anali atasintha fungo, akununkha ngati vanishi, ndipo ndikuganiza anali wa m'zigubu amene tinkagula nthawi ya mizere ija, umadziwa wekha kuti ameneyo amabwera ndi zinyalala, nthawi zina ndi madzi omwe. Tinamukhetsa yense, tinasintha fuel filter, nkuthira watsopano. Apa ndikuuziretu, mchitidwe wako uja woyenda ndi kagetsi ka mafuta kali chiyakire umapha pampu, chifukwa pampuyo imakhala mkati mwa thanki ndipo chimene chimaiziziritsa ndi petulo yemweyo. Yako ikadali moyo, ukatchera khutu kumpando wakumbuyo wina akupotoza kiyi imamveka kulira pang'ono.

Italira ndinayezanso pa batire, inawerenga 14.1, kutanthauza kuti alternator ikutchaja bwino, pakati pa 13.8 ndi 14.4 ndi pabwino. Koma injini inkanjenjemera zedi mpaka chiwongolero kumavina. Mphwanga uja anati tigule mapulagi onse ndi mawaya ake, ine ndinati dikira kaye ndalama si zako. Tinkazimitsa, kuzula waya wa pulagi imodzi, kulizanso nkumvetsera. Ukazula pa silinda yogwira ntchito injini imaipiraipira, ukazula pa yakufa palibe chosintha. Yachitatu ndi imene sinasinthe kanthu. Titatulutsa waya wake tinapeza dzenje la pulagilo ladzadza oyilo, timalabala tozungulira ta pa tapeti kava tinauma nkumalowetsa oyilo, nde moto mmalo mopita ku pulagi umangothawira m'mbali. Gasiketi ya kava ndi timalabalato, mapulagi 4, waya mmodzi yekha, basi kunjenjemera konse kunatheratu. Imeneyi ndi injini yomwe munthu uja amati yatha.

Kagetsi ka check engine kanali kakuyakabe. Apa mpamene ndinaikondera galimoto yakaleyi, chifukwa za masiku anozi mpaka ukalipire wa kompyuta, pomwe yako ya 1996 ili ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mu boneti momwemo. Umangotenga kawaya nkulumikiza pomwe palembedwa TE1 ndi E1, kiyi nkuyika pa ON osaliza, kagetsi kaja kamayamba kuphethira nkumakuwerengera vuto. Kanaphethira kawiri, kupuma, kawirinso, nde 22, imene pa Toyota za nthawi imeneyo ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi. Tisanagule sensa tinalondola waya wake, ndi uyo makoswe aja anamudya pakati. Sensa imeneyo ikapanda kumveka kompyuta ya galimoto siidziwa bwino kuti injini yatentha kapena ayi, nde imathira mafuta mosayenera, mwina nchifukwa chake utsi unali wakuda tsiku limenelo. Tinalumikiza, kumata bwino, kagetsi kanazima.

Tsopano nkhani yaikulu, yowira ija, imene inakuchititsa kuti uisiye kwa amayi poyamba. Iyi inandidyera masabata awiri ndipo ndivomere, pena ndinayamba kuganiza kuti mwina makaniko uja amanena zoona kuti injini yatha, mwina head gasket, gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa. Koma gasiketi ikapsa imasiya zizindikiro. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, ukatsegula chotsekera cha oyilo umapeza phala loyera kunsi kwake, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha olo injini itatentha kale, ndipo ukatsegula radiyeta injini ili yozizira nkuliza umaona thovu likubwera mosalekeza, madzi nkumatha osaona podontha. Pa yako palibe olo chimodzi. Ndinapitanso nayo kwa mdala wina wa galaja cha ku Biwi amene ali ndi geji ya compression yoyezera pulesha ya m'masilinda, masilinda onse 4 anawerenga mofanana, kusiyana kwake kochepa kwambiri. Mdalayo anangoseka nkuti injini ya 5A imeneyi mudzatopa nayo ndinu.

Ndi yemweyo anandifunsa funso limene sindinaliganizepo, akuti kodi imawira ili pati, itaima kapena ikuthamanga? Akuti ikamawira pa mzere kapena pa jamu koma pamsewu nkumakhala bwino, yang'ana fani, chifukwa pothamanga mphepo imaziziritsa yokha. Ikamawira pokwera mtunda kapena ukaiponda kwambiri, ndiye kuti madzi sakuyenda mokwanira, radiyeta yatsekeka kapena pampu ya madzi yatha. Nde yako aise inali ndi matenda onse awiri. Ndinaisiya ikulira pakhomo mpaka muvi woonetsa kutentha kwa injini kudutsa pakati, fani zii. Pa Toyota zimenezi ukazula pulagi ya fan switch fani imayenera kuyamba kuzungulira yokha kiyi ali pa ON, tinazula, zii. Tinapatsa fani moto kuchokera ku batire mwachindunji, inazungulira bwinobwino. Fyuzi inali yabwino, nde wotsala anali relay, kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi kotsegulira fani moto. Tinasintha, fani inadzuka.

Ndinasangalala msanga. Loweruka linalo ndinati ndiiyese ulendo wa ku Dedza, mpaka pa Nathenje zonse bwino, kudutsa Linthipe bwino, titayamba kukwera mitunda ija muvi uwo wayamba ulendo. Ndinatsegula hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha, mawindo pululu, ine thukuta kamukamu, nkuima pambali. Anyamata ena ogulitsa mbatatesi anathamanga ndi chigubu cha madzi akuti bwana tsegulani tithire, ndinawakaniza, chotsekera cha radiyeta sutsegula injini ili yamoto, madzi ake amakuthira kumaso ngati mpopi ndipo amasupula khungu, komanso madzi ozizira pa injini yotentha akhoza kupinditsa head. Tinadikira pafupifupi ola tikudya chimanga chootcha. Itazizirako ndinayendetsa dzanja pa radiyeta, mbali ina yofunda mbali ina yozizira ngati siili pa galimoto yomweyo, apo ndinadziwa kuti timipaipi tamkati tatsekeka.

Titaimasula kunatuluka matope ofiira ngati a m'dambo. Iwe zaka zonsezi umangothira madzi a pampopi ndi a pamjigo, eti? Coolant uja anthu amati ndi wa kumayiko ozizira, koma ntchito yake ina ndi kuteteza dzimbiri, madzi okhaokha amadya injini mkati. Radiyetayo pamwamba pake ndi pa pulasitiki ndipo panali patayamba kale ming'alu, nde sindinavutike nkutsukitsa, ndinapeza ina yochotsa pa galimoto yangozi, yooneka bwino. Chotsekera chakenso labala anali ataphwanyika, ndipo chimenecho chikamapuma madzi amawira msanga chifukwa pulesha ndi imene imawagwira kuti asawire pa madigiri 100. China chimene chinandikwiyitsa, thermostat, kachipangizo kotseka madzi kuti asapite ku radiyeta injini isanatenthe, munalibemo, wina anaichotsa kalekale. Amakaniko ambiri kuno amatero, akuti ku Malawi nkotentha siifunika, koma zimangobisa vuto, m'mawa injini imachedwa kutentha nkumamwa mafuta ambiri. Ndabwezeramo ina ya madigiri 82. Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka ku Ntcheu nkubwerako, muvi unangokhala pansi pang'ono pa pakati osasuntha.

Za kunsi sindichulutsa, ndi zomwe zija za galimoto iliyonse yoyenda m'maenje athuwa. Ukakhota kwambiri imalira kuti kha kha kha kutsogolo kumanja, CV joint imeneyo, cholumikizira chija chofikitsa mphamvu ya injini ku tayala, labala wake anang'ambika girizi nkuthawa mchenga nkulowa. Tinaikweza pa jeke nkugwedeza tayala, kugwira pamwamba ndi pansi silikugwedera, kugwira m'mbali likugwedera pang'ono, nde tie rod end imodzi, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, yatha. Mashoko akumbuyo akudontha koma angodikira kaye. Mabuleki mapadi akadalipo. Oyilo wa giya ndinamuyang'ana, akadali wofiirira ndipo sakununkha kupsa, magiya akulowa bwino, nde kumeneko sindikukhudzako.

Chilipo chimodzi chimene sindikubisire. M'mawa ukailiza imatulutsa kautsi kabuluu kwa kanthawi kenako nkusiya, amenewo ndi ma valve seal okalamba, oyilo amatsikira m'masilinda usiku. Ikudya oyilo pang'ono, ndikumayang'ana dipstick sabata iliyonse nkuonjezera pakafunika. Ndi ukalamba, galimoto yoti yayenda makilomita opitirira 230,000 siingakhale ngati namwali, ndipo ine sindikuona chifukwa chomasulira injini pa zimenezo panopa.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi timing belt, lamba woyendetsa ma valve a injini. Pa kava pali sitika ya Chijapanizi yoonetsa kuti anasintha ili cha m'ma 98,000, ndipo lamba ameneyu amayenera kusinthidwa pa 100,000 iliyonse, nde wadutsitsa kale ndi kutali, pokhapokha ngati unasinthapo osandiuza. Tinasuzumira, wayamba timing'alu. Akaduka galimoto imazima pomwepo olo pakati pa Chingeni ndi Zalewa usiku, nde amayi sindingawanyamule ulendo wautali mpaka titasintha. Kuno masipeya chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo yake siyoyamba, ndipo ambiri ndi achinyengo, bokosi lolembedwa bwino mkati muli zinazake. Nde pempho langa ndi ili, ngati ungathe ugule konko lamba ameneyo ndi tensioner yake, ma oil seal awiri akutsogolo, CV joint yakunja ndi tie rod end, upatsire a basi monga unachitira ndi katundu wa alamu uja. Koma chonde usangolowa mu shopu nkunena kuti Corolla, za ku Joni zambiri ndi zopangidwira ku Durban ndipo si zonse zimagwirizana ndi zochokera ku Japan. Uwauze kuti AE110, injini 5A-FE, 1.5, ndikutumizira pa WhatsApp chithunzi cha kachitsulo ka mu boneti kolembedwa nambala ya chassis, uwaonetse chimenecho. Akakayika usagule, bola ndidzasake kuno.

Ndalama zimene ndaononga ndalemba zonse m'kope, malisiti ndasunga, tidzawerengerana ukabwera pa Khirisimasi, usadandaule nazo panopa. COF ndi inshuwalansi zinatha kale, ndikapangitsa tikamanga za kunsizo chifukwa mmene ililimu sangaipatse. Ngati ukufunabe kugulitsa ndi galimoto yako sindingakuletse, pali mphunzitsi wina wafunsa kale kawiri, koma tsopano udzagulitsa ngati galimoto yoyenda osati chiphapha, mtengo wake ndi wina. Ine maganizo anga ukuwadziwa kale.

Amayi akuti ndikuuze kuti Lamulungu lapitali anapita kutchalitchi atakhala kutsogolo, ndipo anandiuza ndiime pa chigayo kuti anzawo awaone. Mphaka ndawapezera, wa makoswe aja. Undiyankhe za masipeyawo lisanathe sabata lino kuti ndidziwe ngati ndiyambe kusaka kuno.

Ndine mnzako uja wa ku Area 25.