Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Teremu yoyamba yatha ndipo mwana aliyense wanyamula zotsatira za mayeso. Mukhale naye pansi muzione limodzi, osangofunsa kuti wakhala nambala chani. A Sitandade 8 tawapatsa ntchito ya patchuthi chifukwa mayeso a MANEB sali patali, choncho musawasunge kumunda tsiku lonse ngakhale ino ndi nyengo yopalira.

Nkhani yaikulu imene ndalembera ndi ya msewu. Ana athu ambiri amadutsa kapena kutsata msewu wa M3, wochokera ku Blantyre kudzera muno mu Zomba kupita ku Liwonde ndi ku Mangochi, ndipo malole a mchenga, njerwa, simenti ndi feteleza salekeza. Lole yodzaza siima msanga ngati galimoto yaing'ono. Ngakhale dalaivala atamvera chikwangwani cha liwiro la makilomita 50 pa ola, pa sekondi imodzi yokha amakhala atayenda pafupifupi mamita 14, ndipo mvula ikagwa phula limaterera. Chinanso, dalaivala amakhala pamwamba, ndiye mwana woima pafupi ndi mphuno ya lole, m'mbali mwake kapena kumbuyo saoneka n'komwe. Auzeni ana kuti ngati iwo sakuona nkhope ya dalaivala, nayenso sakuwaona.

Ana obwera pa minibasi zimene makolo mumachita hayala ali ndi chizolowezi choipa: akangotsika amathamangira kutsogolo kwa minibasi n'kudutsa. Lole yochokera kumbuyo imangoona minibasi itaima n'kuyamba kuipitirira. Mwana adikire minibasi ichoke, aone mbali zonse ziwiri, kenako awoloke osathamanga. Poyenda pansi azikhala kudzanja lamanja kuti aziona magalimoto akubwera kutsogolo kwawo. Eni minibasi tawapempha kuti azitsitsa ana kumbali ya sukulu, ndipo inu amene mumawalipira ndi amene angakumvereni kuposa ine.

Tsopano za maliro. Tonse tikudziwa kuti masamba akaikidwa pamsewu ndiye kuti pafupi pagwa zovuta. Woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika n'kukankha, wailesi imazimitsidwa, chipewa chimavulidwa. Umenewu ndi ulemu wathu, komanso umapulumutsa miyoyo, chifukwa anamfedwa ndi amayi oimba amadzaza msewu ndipo maganizo awo sakhala pa magalimoto. Vuto ndi lakuti masamba omwewo amaikidwanso lole ikawonongeka panjira, m'malo mwa zizindikiro zofiira za makona atatu zimene galimoto iliyonse iyenera kunyamula. Ena akakonza lole amangonyamuka, nthambi n'kutsala pomwepo, ndipo pang'onopang'ono madalaivala amazolowera kusalabadira masamba.

Pakati panu alipo abambo oyendetsa malole, ndipo kwa inu ndilankhule mwaulemu koma mosabisa. Mukapeza mdipiti wa maliro, musaimbe hutala, musalowe pakati pa galimoto yonyamula thupi ndi yonyamula operekeza, ndipo musapitirire pokhapokha wotsogolera akukodolani. Katundu achedwe mphindi zochepa, palibe chimene chionongeke. Mukachita hayala yonyamula anthu a pamaliro, musalole ana kukhala pamphepete pa bodi miyendo ili lendelende. Ndipo nthambi zanu muzichotsa mukamachoka.

Ana nawonso ali ndi mbali yawo. Akamva nyimbo za maliro amathamangira kumsewu kukaonerera, ena mpaka kulendewera kumbuyo kwa lole pamene ikuyenda pang'onopang'ono. Aphunzitsi awaonapo anyamata athu akuchita zimenezi atavala yunifolomu, ndipo makolo awo tinawaitana. Mwana akakumana ndi maliro apatuke, aime kutali ndi phula mpaka galimoto yomaliza itadutsa. Patchuthi pano aphunzitsi sadzakhalapo pa nthawi yowoloka, ndipo nyengo ya Khirisimasi magalimoto amachuluka, ena oyendetsedwa ndi anthu oledzera. Ana aang'ono musawatume okha kumsika tsidya lina la msewu.

Tikatsegulira mu Januwale, komiti ya sukulu idzaitanitsa msonkhano wa makolo. Tidzakambirana zolembera akuluakulu oona za misewu kupempha mahampu ndi malo owolokera pafupi ndi geti, komanso zosankha makolo odzipereka owolotsa ana m'mawa. Amene mungathe kuthandiza, dzalembetseni ku ofesi sabata yoyamba.

Ndikufunirani tchuthi chabwino pamodzi ndi ana.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu