Wodwala sitiroko akayamba kuyenda, tiyang'ane mmene akupondera

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi mabanja omwe akusamalira odwala sitiroko komanso anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono. Wodwala akaimirira n'kuponya phazi koyamba pakhomo pamakhala chimwemwe, ndipo ambiri amasiyira pomwepo mafizo. Komatu m'pamene ntchito yakula. Ubongo umasunga mayendedwe omwe munthu akubwereza, abwino kapena olakwika, ndipo kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira.

Munthu wabwinobwino amayamba kuponda ndi chidendene, thupi n'kudutsa pamwamba pa phazi, kenako n'kukankha ndi zala. Kwa wodwala sitiroko minofu ya kumsongolo, yomwe imadzutsa phazi, imafooka, pomwe katumba amauma n'kumakokera phazi pansi. Zala zimakwakwaza dothi. Poopa kupunthwa, wodwala amakweza chiuno kapena kuzunguliza mwendo wonse kumbali ngati akutchetcha udzu. Amafika ndithu komwe akupita, koma amatopa msanga ndipo msana umayamba kuwawa.

Bondo ndilo limatidetsa nkhawa kwambiri. Muimirire pambali pake muone: akaponda ndi mwendo wofookawo, kodi bondo likukankhikira kumbuyo mwamphamvu? Ambiri amathamangira kulisisita, pomwe gwero nthawi zambiri ndi katumba wofupika kapena minofu ya ntchafu yopanda mphamvu. Zikalekereredwa, mitsempha ya kuseri kwa bondo imatamuka ndipo ululu wake ndi wovuta kuuthetsa.

Kuyeza mayendedwe sikufuna makina. Jambulani mizere iwiri yotalikirana mamita 10, wodwala ayambire mamita 2 kumbuyo kwa mzere woyamba, muwerenge pa foni nthawi yomwe watenga kuchoka pa mzere woyamba kufika pa wachiwiri. Akatenga masekondi oposa 25, ndi woyenda m'nyumba mokha. Akatsika kufika 12, kumsika ndi kutchalitchi angayambe kufikako. Muyeso wina ndi wa pampando: adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhala. Akapyola masekondi 14, chiopsezo chogwa n'chachikulu ndipo asamapite yekha kubafa. Bwerezani milungu iwiri iliyonse n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Pabwalo losesedwa mapazi amaonekanso bwino: mwendo wabwino ukamaponya pafupi mothamanga, ndiye kuti akuopa kutsamira pa wofookawo. Kanema wa pa foni wojambulidwa chakumbali ndi chakumbuyo amamuthandiza wa mafizo kuposa kufotokoza pakamwa.

Ndodo igwiridwe ndi dzanja labwino ndipo iponyedwe limodzi ndi mwendo wofooka. Kutalika kwake kulekeze pamene timavala wotchi, munthu ataimirira mkono uli pansi, ikatalika imamupendeketsa. Chonde, musamudzutse pomukoka mkono wofooka kapena kumunyamula kunkhwapa. Phewa limenelo latsala opanda minofu yoligwira, limaguluka. Muimirire mbali yofookayo, mumugwire m'chiuno pa chitenje kapena lamba womangidwa bwino. Masilipasi ayi, chifukwa zala zofooka sizingawagwire. Avale nsapato yotseka kumbuyo.

Kunyumba, kudzuka pampando ndi kukhalanso maulendo 10, kangapo pa tsiku, mapazi onse ataponda mofanana, kumalimbitsa ntchafu. Katumba awongoledwe pokankhira phazi m'mwamba pang'onopang'ono, bondo lili lowongoka, kwa masekondi 30 kapena kupitirira. Mukakankha modzidzimutsa mnofu umauma kwambiri. Phazi likamalendewerabe pali chipangizo cha pulasitiki chotchedwa AFO chomwe chimavalidwa m'nsapato, ndipo amapanga ku zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi Mzuzu Central. Amene ali ndi shuga kapena phazi lake lachita dzanzi aziyang'anidwa khungu akangochivula, poti chilonda chimayamba iye osamva.

Malo a mafizo ngati Kachere ku Blantyre sangalandire aliyense, ndipo a mafizo omwe sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ikuphunzitsa sanafike paliponse. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti chipatala chilichonse chokhala ndi kiliniki ya BP ndi shuga chipente mizere ya mamita 10 pakhonde, ndipo anamwino ndi alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe miyeso iwiriyi, kuti wodwala yemwe nthawi yake sikutsika atumizidwe kwa a mafizo miyezi yoyambirira isanathe.

Ogwira ntchito ya mafizo,
Blantyre