Saluni ya ex-Japan muzikaiona m'mawa, injini isanalizidwe

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tiyankhule ndi anthu amene akusonkhanitsa ndalama zogulira galimoto yawo yoyamba. Ife ndife amakaniko, ndipo zimatiwawa kuona munthu akugula saluni yaing'ono lero, mwezi usanathe n'kuyamba kufunafuna giyabokosi ina.

Tikunena galimoto ngati Toyota Belta, Toyota Platz, Honda Fit Aria ndi Nissan Tiida Latio. Ndi zabwino, sizimwa petulo wambiri, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Koma zakalamba. Platz anasiya kuipanga mu 2005, pomwe Belta ndi Tiida Latio anazisiya mu 2012, choncho ngakhale yatsopano kwambiri mwa izi yadutsa kale zaka khumi. Ogula ambiri amakopeka ndi penti yonyezimira, wailesi ndi makilomita olembedwa pa dashibodi, chonsecho ndalama zimathera mu giyabokosi, m'njira ya madzi oziziritsa injini, ndi m'mapepala.

Pemphani kukaiona m'mawa, ndipo musanachite china chilichonse tsegulani boneti mugwire injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti wogulitsa wailiza kale, ndipo injini yotentha imabisa zambiri. Ili yozizira choncho, tsegulani chivundikiro chothirirapo oilo muone kunsi kwake. Mukapezapo zinthu zonga phala la mtundu wa tiyi wamkaka, madzi akhoza kukhala kuti akusakanikirana ndi oilo, ndipo kawirikawiri zikatero gasiketi ya hedi yapsa. Tsegulaninso radiyeta, koma pokhapokha injini ili yozizira, chifukwa ikatentha madzi ake amathovokera kumaso. Muyenera kupezamo coolant wofiira, wapinki kapena wobiriwira. Madzi a pampopi a mtundu wa dzimbiri akusonyeza kuti water pump ndi radiyeta zakhala zikudyeka. Funsaninso ngati thermostat, kachipangizo kolamulira kayendedwe ka madzi oziziritsa injini, ilimo. Kuno ena amaichotsa poganiza kuti ndi ya kumaiko ozizira okha, koma injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, imamwa mafuta ambiri, ndipo nthawi zambiri anaichotsa pobisa vuto lina la kutentha.

Tembenuzani kiyi afike pa ON osaliza injini. Timagetsi ta injini, ABS, airbag ndi oilo tonse tiyake, kenako injini ikalira tonse tikhale titazima. Kamodzi kakapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anachotsa babu kuti vuto lisaoneke. Makaniko wokhala ndi makina a diagnostic amazitulukira zimenezi pa mphindi zochepa, ndipo ndalama yomulipira ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya galimoto. Wina akaliza injini, inu imani kumbuyo: utsi wabuluu ndi oilo akupsa, utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha ndi madzi.

Pa giyabokosi ndiye tikhalitsepo. Belta zambiri, Fit Aria zonse ndi Tiida Latio zina zili ndi giyabokosi ya CVT. Iyi siisintha magiya mmodzimmodzi ngati otomatiki wamba. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo lambayo amagwira bwino chifukwa cha oilo wopangidwira ntchito yomweyo. Munthu akathiramo ATF, oilo wa otomatiki wamba, galimoto imayenda ndithu kwa miyezi ingapo, koma lamba amayamba kutereraterera ndi kukanda mapule, mpaka tsiku lina imangolira osasuntha. Mtundu uliwonse uli ndi oilo wake: Belta imafuna Toyota CVT Fluid TC, Tiida Latio ya CVT imafuna NS-2, Fit Aria imafuna oilo wa CVT wa Honda. Mufunse wogulitsa dzina la oilo amene anathira komaliza. Akangoyankha kuti "wofiira uja", tsitsani mtengo kapena musiyeni.

Poyesa, yendetsani nokha kwa mphindi zosachepera 20 kuti oilo atenthe, wailesi ili yozima. Imani pachitunda, ikani pa D, kenako nyamukani pang'onopang'ono. Galimoto inyamuke mosalala. Ikanjenjemera ngati mukudutsa pamsewu wa magiledi, pali vuto, ndipo Fit Aria ndi yodziwika nalo chifukwa cha kilatchi yake yonyamukira. Injini ikamakweza phokoso koma liwiro osawonjezeka, lamba akuterera. Kulira kosalekeza konga mluzu kumene kumakula ndi liwiro ndi mabeyaringi a m'kati. Mukasuntha kuchoka pa D kupita pa R, igwire pasanathe masekondi awiri, popanda kugunda. Amene akuopa zonsezi aganizire Platz kapena Tiida Latio ya otomatiki wamba wa magiya anayi, yomwe imapirira kwambiri ndiponso amakaniko ambiri amaidziwa.

Injini muidziwe poyang'ana nambala ya chasisi, osati pomvera pakamwa pa dobadoba. Belta ya nambala yoyamba ndi KSP92 ili ndi injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu ndi malita 1.0. Ya nambala yoyamba ndi SCP92 ili ndi 2SZ-FE ya malita 1.3. Ya masilinda atatu imanjenjemera pang'ono ikaima, ndi chibadwa chake, koma chiwongolero chikamagwedezeka kwambiri ndiye kuti mamauntini a injini atha. M'tauni imakwanira. Koma ngati mudzanyamula anthu asanu ndi matumba a chimanga kukwera Chiweta kapena Khwekhwerere, ife tikuti gulani ya 1.3, chifukwa yaing'onoyo idzapondedwa mpaka pansi ulendo wonse ndipo petulo munkafuna kupulumutsayo adzatha. Fit Aria ya injini ya i-DSI ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse. Ambiri amasintha anayi akutsogolo okha n'kuiwala akumbuyo, kenako makoilo amapsa, galimoto n'kumadukiza.

Gwadani muone kunsi. Galimoto izi ndi zotsika, pafupifupi masentimita 15 kuchoka pansi, ndiye mahampu ndi miyala ya misewu yafumbi zimagunda sampu ndi ekizozi. Onani ngati sampu, mosungira oilo kunsi kwa injini, yapindika kapena ikudontha, ngati mphira za CV joint zang'ambika n'kumwaza girizi, ndi ngati mashoko anyowa oilo. Zochokera kumadera a chipale monga Hokkaido zimabwera ndi dzimbiri kunsi chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu. Tukulani kapeti ya m'buti, chotsani tayala la sipeya: chitsulo chokwinyika kapena zowotcherera zatsopano zikusonyeza kuti inagundidwa kumbuyo. Pa tayala lililonse pali manambala anayi: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Lodutsa zaka zisanu ndi chimodzi muliwerengere ngati logula lina, ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Lolembedwa "studless" ndi la pachipale, pa phula lotentha la kuno limatha msanga. Belta ndi Fit Aria zinalinso m'gulu la galimoto zomwe makampani anaziitanitsa chifukwa cha ma airbag a vuto opangidwa ndi kampani ya Takata, choncho fufuzani ndi nambala ya chasisi ngati yanuyo anaisintha.

Makilomita a pa dashibodi amabwezedwa mosavuta. Ngati galimoto yangolowa kumene kudzera ku Dar es Salaam ndi Songwe, kapena ku Durban, pemphani export certificate ya ku Japan, chifukwa imalemba makilomita amene galimotoyo inali nawo pamene inkayesedwa ndi boma kumeneko. Pa auction sheet, pepala la ku okushoni ya ku Japan, giredi R kapena RA ndi galimoto imene inachita ngozi n'kukonzedwa. Chiwongolero chosalala ngati botolo pa galimoto yosonyeza makilomita 60,000 chikukuuzani zoona kuposa dashibodi.

Pomaliza, mapepala. Nambala ya chasisi ya mu blue book ifanane chilembo ndi chilembo ndi yodindidwa pa chitsulo cha galimoto, osati ya pa kachikwangwani kokha. Pa Belta ili pansi pa mpando wa dalaivala. Pamalopo pakaoneka popala kapena penti yatsopano, chokanipo. Kwa yolowa kumene, onani mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa wonse. Onani tsiku lothera COF ndi inshuwalansi. Ndipo musapereke ndalama zonse kwa munthu amene dzina lake silili mu blue book. Pitani ndi mwini wake weniweni ku Road Traffic, galimoto isinthidwe dzina, ndalama zotsalazo mumalizire pomwepo.

Ndife,
Amakaniko okhudzidwa,
Lilongwe