Mphamvu mu kiriketi zasamuka, tiyeni tilembeko

A Mkonzi,

Ine ndine mmodzi mwa anthu ochepa kuno ku Mchinji amene timatsata kiriketi. Gemu imeneyi ndinaiphunzira ku Joni komwe ndinagwira ntchito ya ugadeni kwa zaka zingapo, abwana anga ankatsegula TV m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ine ndikusuzumira pawindo ndi paipi ya madzi m'manja mpaka ndinayamba kumva kuti wiketi ndi chani, ova ndi chani. Ndalemba chifukwa tsamba lanu la masewero limangokhala mpira wa miyendo ndi netibo, pomwe ku kiriketi kukuchitika zinthu zazikulu zoti ana athu azimve.

Mu June 2025 tinali anthu anayi okha mu shopu ya mnzanga pa Kamwendo, titakhala pa matumba a soya, kuonera fainolo ya World Test Championship, mpikisano wa ma Test omwe ndi magemu aatali otha kufika masiku asanu, pa bwalo la Lord's ku London. Anyamata ankabwera kumatiuza kuti tisinthe tiike filimu, ife tinakana. South Africa imafunika ma run (mapointi a mu kiriketi) 282 kuti igonjetse Australia, ndipo kaputeni wake Temba Bavuma, munthu wamfupi wakuda ngati ife, anavulala mnofu wa mwendo koma sanatuluke, amathamanga motsimphina choncho mpaka anapeza 66, Aiden Markram naye 136. Atawina ndinagwetsa misozi pamaso pa anzanga. South Africa inali isanatenge chikho chachikulu cha ICC, bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse, kuchokera 1998, ndipo Australia ndi timu yomwe yatenga World Cup kasanu ndi kamodzi.

Kale mukatchula kiriketi mumatchula West Indies, timu ya maiko a ku Caribbean. Anatenga World Cup yoyamba mu 1975, anatenganso 1979 ndi kaputeni wawo Clive Lloyd, matimu amanjenjemera. Koma mu 2023 West Indies yomweyo inalephera ngakhale kupita ku World Cup, inagonja kwa Zimbabwe, Netherlands ndi Scotland pa mpikisano wodzipezera malo ku Harare, pafupi pompano. Zimandiwawa zedi, chifukwa osewera aluso alipo ku zilumba zimenezo koma ambiri amathamangira ma ligi a T20, magemu aafupi otha tsiku lomwelo, komwe kuli ndalama, ndipo sindingawadzudzule, munthu ali ndi banja loti adyetse.

Ndalamazo zili ku India. Chiyambireni IPL, ligi ya T20 ya ku India, mu 2008 osewera a dziko lililonse amalota kukasewera kumeneko, ndipo pa ndalama zomwe ICC imagawa India yokha imatenga pafupifupi 38 peresenti, maiko ena onse nkumagawana zotsala. Anawina T20 World Cup mu 2024 ndi Champions Trophy mu 2025, palibe wokana kuti ndi akatswiri, koma kagawidwe kameneka ine sindigwirizana nako ngakhale pang'ono, ng'ombe yonenepa kale ndi imene ikupatsidwa msipu wonse. Chonsecho New Zealand, dziko la anthu ochepa kuposa Malawi, inapita ku India komweko mu 2024 nkukawakwapula 3-0 mu ma Test.

Chomwe chimandipatsa mtima kwambiri ndi Afghanistan. Anyamata ambiri oyamba a timu imeneyi anaphunzira gemuyi ali othawa nkhondo ku Pakistan, pa fumbi ngati lathu lino la mwezi wa October, koma mu 2023 anagonjetsa England, Pakistan ndi Sri Lanka, chaka chotsatira anagwetsa Australia nkufika mu semi fainolo ya T20 World Cup. Uganda nayo inapita ku World Cup yomweyo ya 2024 itadutsa Zimbabwe. Tisaiwalenso Kenya yomwe inafika semi fainolo mu 2003 kenako nkuzilala, chifukwa timu ikapanda ana obwera m'mbuyo imatha ngati makatani.

Malawi ili ndi timu yake ya kiriketi ndipo imasewera ndi maiko anzathu, koma mukafunsa mwana wa pulayimale kuno ku Mkanda kapena ku Kapiri sakudziwa nkomwe. Gemuyi yangokhala ya ku Blantyre ndi Lilongwe. Ine ndinasema bati ya thabwa la bulugamu, mpira wa tenesi ndinagula pa msika wa pa boma, mawiketi ndi timitengo titatu ta nsungwi, Loweruka masana ana a m'mudzi mwathu amadzaza pabwalo la sukulu, atsikana ndi omwe akuponya molunjika kuposa anyamata. Akandifunsa kuti amalume timu ya Malawi yasewera bwanji, ndimasowa nyuzipepala yoti ndiwaonetse.

Ndiye chonde a Mkonzi, tipatseniko ngakhale kakona kamodzi pa sabata, muziikamo zotsatira za matimu akuluakuluwa komanso za anyamata ndi atsikana athu, ndizidula nkukamata pakhoma la shopu ija pa Kamwendo.

Wokonda kiriketi,
Kamwendo, Mchinji