Chilengezo kwa anamwino ndi azamba: kutaya magazi mayi akabereka

Mamembala olemekezeka,

Tikukudziwitsani kuti pa msonkhano wathu wa Loweruka likubwerali, womwe udzayambe 9 koloko m'mawa pamalo athu a nthawi zonse, tidzakambirana za kutaya magazi ambiri mayi akangobereka, vuto lomwe likutilandabe amayi tikuona.

Tidzaunika kafukufuku wa E-MOTIVE, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2023. Adachitikira m'zipatala 80 ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, pakati pa amayi opitirira 200,000. M'malo mongoyerekeza ndi maso, zomwe tonse tikudziwa kuti zimatinamiza, azamba ankayalira mayi pulasitiki yoyezera magazi, ndipo magaziwo akafika mamililita 500 ankapereka chithandizo chonse pamodzi osadikira kuti china chilephere kaye: kusisita chiberekero, oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero), tranexamic acid (mankhwala othandiza magazi kuundana), madzi a diripi, komanso kuyang'ana ngati njira yoberekera yang'ambika. Kutaya magazi koopsa kudachepa ndi pafupifupi 60 peresenti.

Tikupempha makamaka inu ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono zakumudzi, kumene mzamba amakhala yekha usiku, kuti mudzatifotokozere ngati njirayi ingatheke kwanuko, ndi zomwe zikusowa m'makabati anu.

Ine mlembi wanu.