Kalata yotseguka kwa a Meya a mzinda wa Cape Town: doko lakale lisasanduke msika wokhawokha

Olemekezeka a Meya,

Ndikulemba monga mmodzi mwa alendo amene amacheza pa V&A Waterfront (Victoria and Alfred Waterfront), doko lakale la mzinda wanu lomwe lero lili ndi masitolo ambiri, ndipo pempho langa ndi loti pamene khonsolo yanu ikuvomereza mapulani a nyumba zatsopano m'mbali mwa nyanjayi, isalole kuti ntchito za padoko zikankhidwire kutali ndi maso a anthu.

Dokoli linamangidwa chifukwa cha ngozi. M'nyengo yozizira ya 1858 namondwe anaphwanya zombo zoposa 30 ku Table Bay, nyanja imene mzindawu unayang'anizana nayo, ndipo mu 1860 Prince Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, anakhuthula miyala yoyamba ya khoma lotchinga mafunde. Dzina lake lidakalipo pa Alfred Basin, yomwe inatsegulidwa mu 1870, koma amene anaphwanya ndi kusenza miyala yotsalayo anali akaidi a ndende ya Breakwater. Ndendeyo lero ndi sukulu ya zamalonda ya University of Cape Town komanso malo ogona alendo, moti munthu wothamangira m'masitolo akhoza kudutsa pafupi osadziwa kuti doko akuliyamikiralo linamangidwa ndi anthu amene sanaigwire ntchitoyo mwa kufuna kwawo.

Zombo zikuluzikulu zitasamukira ku doko latsopano la Duncan Dock, ndiponso katundu atayamba kuyenda m'makontena, doko lakale linazilala mpaka mu 1988, pamene panakhazikitsidwa kampani yoti ilikonzenso. Zina mwa zimene yachita n'zoyamikika. Nkhokwe yaitali ya mbewu ya mu 1924, imene inasiya ntchito mu 2001, siinagwetsedwe, koma anaigoba m'kati n'kuisandutsa nyumba ya zaluso ya Zeitz MOCAA mu 2017.

Komabe chimene chimasiyanitsa malowa ndi misika ina yapamwamba ndi Robinson Dry Dock ya mu 1882, malo okonzerapo zombo amene akugwirabe ntchito. Munthu amaima m'mphepete n'kuona chombo chonse chitakhazikika pa zipika, madzi atapopedwa, amisiri ali pansi pake kupala dzimbiri ndi kuwotcherera zitsulo, kwinaku maboti a asodzi akutuluka ndi fungo lawo la dizilo ndi nsomba. Ntchito imeneyi ndi yaphokoso, ndipo amene wagula nyumba yodula pafupi sachedwa kudandaula. Kudandaula kwa munthu wachuma n'kumene kumamveka msanga m'maofesi. Zoterezi zinachitikapo kale: asodzi a ku Roggebaai mumzinda wanu womwewu anataya gombe lawo pamene nyanja inakwiriridwa kuti pakhale dera latsopano la Foreshore, ndipo mzinda wa Liverpool ku England unachotsedwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri yakale mu 2021 chifukwa cha zomangamanga za padoko lake.

Ndikudziwa kuti kuyambira mu 2011 eni malowa ndi kampani ya Growthpoint ndi bungwe la boma la Public Investment Corporation, ndiponso kuti doko la malonda lili m'manja mwa kampani ya boma ya Transnet, koma chilolezo cha kagwiritsidwe ntchito ka malo chimachokera ku khonsolo yanu. Ndikupempha kuti pounika mapulani a zomangamanga za ku Granger Bay, pafupi ndi dokoli, ndi ena onse obwera m'tsogolo, muike lamulo lolembedwa loteteza malo okochezapo maboti a asodzi ndi okonzerapo zombo, njira yoti aliyense afike pamadzi osalipira, ndi zikwangwani za mbiri ya akaidi aja pamene anthu ambiri amadutsa.

Ine wanu mwaulemu,
Mlendo wocheza padoko