Musanagulitse filiji ija

Turffontein, Johannesburg
17 Ogasiti 2025

Okondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndilipo, chimfine chokha ndicho chandigwira. Mwezi uno Joni ndi mphepo ndi fumbi, ndipo m'mawa madzi a pampopi akulumabe zala. Uthenga wanu ndinaumvera katatu ndili mu takisi, ndipo ndinaona kuti kuyankha mothamanga ndingokusokeretsani. Lero poti ndi Lamulungu, ndati ndikhale pansi ndilembe.

Mwati mukagulitsa filiji ndi mabelo awiri otsala aja, n'kuphatikiza za kubanki m'khonde, zikwana K2 miliyoni, ndiye ndikuuzeni dziko loti mupite. Sindikudabwa nanu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, aliyense woimba foni kuchokera kumudzi nyimbo yake ndi imodzi: belo lakwera, ogula kulibe. Koma inu mwawerengera ndalama yopitira yokha. Yobwerera ili kuti?

Ndiyambe ndi ku Oman, chifukwa ndinamva m'mawu anu kuti mtima wapendekera kumeneko. Munthu wa pa WhatsApp uja akuti tikiti ya ndege ndi yaulere, viza yaulere, inu mungopeza pasipoti. Mnzanga, chiponde cha pamsampha nachonso n'chaulere. Kumeneko chilolezo chokhalira m'dzikomo chimamangidwa pa dzina la bwana amene wakutengani. Ndiye analipira tikiti, ndipo mabwana ambiri amalanda pasipoti tsiku lofika lomwelo. Mukati ntchito yandikanika ndikufuna kwathu, amati bwezani kaye ndalama zanga zonse. Mukathawa, wolakwa pamaso pa lamulo ndinu. Mwaiwala kale amayi akwathu oposa 50 aja, amene nkhani yawo inamveka chaka chatha, mpaka boma linachita kutulutsa ndalama kuti abwere? Pakati pa Muscat ndi Zomba palibe basi yoti munthu n'kukwera atatopa.

Za ku Mangalande tisatayepo nthawi. Ndalama yanuyo ingathere pa tikiti ya ndege yokha. Kuyambira Malichi 2024 opita kukasamalira okalamba analetsedwa kutenga ana, ndipo mwezi wathawu khomolo alitsekeratu kwa ofunsira ali kunja. Wina akamakugulitsanibe malo a ntchito imeneyo, gwirani chikwama chanu mwamphamvu.

Tsono Joni, poti ndi kumene ndikukudziwa. Ubwino wake woyamba ndi msewu. Mukakwera basi ku Blantyre mudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mzere wautali wa pa Beitbridge, ndipo pakatha masiku awiri mutsikira pa Park Station miyendo itatupa. Viza sifunika. Amadinda masiku 30, basi. Koma masiku 30 amenewa ndi a mlendo wodzacheza, si a munthu wodzagwira ntchito, ndipo matransipota pokunyengererani mbali imeneyi amaidumpha. Mukapyola ndi masiku ochepa, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapyola ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Akakugwirani mumsewu, ulendo ndi wa ku Lindela, ku Krugersdorp uko, kukadikira kubwezedwa ndi zovala za m'thupi zokha.

Izi sindikunena zakumva. Masiku anga anatha mu 2019, ndinati ndikonza mwezi wamawa, mwezi wamawawo sunafike. Mukukumbukira maliro a mayi anga? Ndinu munandigwirira foni kumanda kuja. Ndinali nditakhala pa bedi lino, chitenje kumutu, kuonera bokosi likutsika pa kagalasi kong'aluka, netiweki ikuduladula. Amvano atayamba nyimbo yachiwiri, bandulo inatha. Ndalama ya basi ndinali nayo, amake Tadala, inali mu kachitini pansi pa matiresi. Chimene ndinalibe ndi njira yobwereranso kuno, ndipo ana awiri anali pasukulu ndi ndalama ya kuno yomweyi. Ndinasankha fizi. Mpaka lero ndikadutsa pa Park Station n'kuona anzathu akukweza mafiliji ndi mabulangete mu ngolo ya basi, ndimafulumiza mapazi.

Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Theba kudzagwira ntchito m'migodi, n'kubwerera ndi njinga ndi wailesi. Mng'ono wawo anachona, manda ake sitikuwadziwa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti mtchona ndi munthu woipa mtima, woiwala kwawo. Pano ndikudziwa kuti kuchona kumayamba ndi chidindo chimodzi chimene unachedwa nacho.

Za malipiro, musamvere zithunzi za pa Facebook, magalimoto amenewo ndi a mabwana. Lamulo la kuno linati kuyambira Malichi 2025 munthu asalandire zochepera R28.79 pa ola, ndiye kuti pafupifupi R230 pa tsiku la maola 8, wantchito wa m'nyumba yemwe. Mukaisintha m'makwacha imaoneka yonona. Koma wopanda mapepala sakadandaula kulikonse, amalandira zimene wapatsidwa, ndipo maganyu ochapa ndi kusita sapezeka tsiku lililonse. Ine ndili ndi masiku anayi pa sabata, nyumba zitatu zosiyana. Kachipinda kano n'kakuseri kwa nyumba ya eni, timalipira R1,800 awiri, ine ndi mtsikana wina wa ku Mangochi, pakati tinatchinga nsalu. Onjezani takisi, magetsi ogula mayunitsi, ufa, parafini wa mu Juni ndi Julayi. Zotsala ndi zimene mumaona ndikutumiza pa Mukuru zija.

Mukafuna malo otchipa kuposa apa, ndiye mikhukhu ya ku Diepsloot kapena nyumba zakale za m'tauni zimene eni ake anazithawa. Ina mwa izo, ya Usindiso ku Marshalltown, inapsa usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, anthu 76 anafa, ena mwa iwo a Malawi anzathu. Sabata imeneyo pa gulu lathu la pa WhatsApp panalibe nkhani ina koma zopereka za maliro. Ndipo mantha ena aja sanathe. Mu 2008 ankaimitsa munthu n'kumuloza chigongono kuti atchule dzina lake m'Chizulu, akalephera kunena kuti indololwane, watsoka. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu. Masiku ambiri kuli bata, anzanga ena apamtima ndi a konkuno, koma mu takisi foni ya kumudzi ikaitana ndimaisiya ilire.

Mwina museka, koma bwanji osaganizira za Zambia? Anthu sakuwerengera chifukwa kulibe ndege, ndiye sikumveka ngati kunja. Kuchoka pa Mchinji kukafika ku Chipata ndi pafupi kuposa Zomba ndi Blantyre. Viza sifunika, pamsika mulankhula Chinyanja, ku Lusaka chimodzimodzi, nsima ndi yomweyi. Inu ndinu munthu wa geni, simunazolowere kulamulidwa kukhitchini kwa mayi mnzanu. Woyenda ndi katundu wake amalowa, n'kugulitsa, n'kutuluka masiku asanathe, pasipoti yake ili yoyera. Tadala akadwala usiku, mawa lake muli pakhomo.

Ngati mtima ukukanirirabe Joni, bwerani, koma mubwere motere. Filiji isagulitsidwe, ndi imene ikudyetsa ana ndi mafirizesi aja. Gulitsani mabelo okha. Mugule tikiti yopita ndi yobwerera nthawi imodzi, yobwererayo muisunge m'kati mwa pasipoti, ndipo pasipotiyo isagone m'thumba la transipota ngakhale atakulonjezani zotani. Mukhale masabata atatu. Mugona pano, matiresi ena tibwereka. Lachitatu sindigwira ntchito, ndidzakutengani ku mashopu a Matchaina kufupi ndi Fordsburg mukaone mitengo ya mabulangete, makatani ndi nsapato, muwerengere nokha ngati mutachotsa ya basi ndi msonkho wa pa Mwanza pangatsale kanthu. Mudzapitanso nane kuntchito tsiku limodzi, tidzuke limodzi 4 koloko, mudzaone masitepe amene ndimakolopa. Mukatero mubwerere kwanu chidindo chikadali chamoyo, mukaganize muli pakhonde panu.

Mudikire chisankho cha pa 16 Sepitembala chidutse kaye, komanso kuno kukhale kutafunda. Pobwera munditengereko usipa wouma, ufa woyera pang'ono ndi mpunga wa Kilombero, wa kuno sununkhira. Ngati mungadutse kwathu musananyamuke, mukandijambulire manda a mayi, ndione ngati achimwene anaikadi simenti imene ndinatumizira ndalama ija.

Mupereke moni kwa abambo ake a Tadala ndi amayi onse a kubanki m'khonde.

Ndine mnzanu,
Nachisale